Tsamba la mchezo ndi losavuta kwa yani?

Pofika kumapeto kwa 2023, anthu oposa 3 biliyoni ankalowa pa Facebook mwezi uliwonse. Munthu akamva chiwerengero chotere amangoti nkhani yatha, chinthu chimene akuchigwiritsa ntchito agogo, ana asukulu, abusa ndi mavenda sichingakhale chovuta. Ine yankho limeneli silindikhutiritsa. Anthu ambiri ali pa Facebook ndi pa WhatsApp chifukwa abale awo ali pomwepo, uthenga wa maliro umadzera pomwepo, gulu la kumpingo ndi la banki mkhonde lili pomwepo. Ngakhale batani lina litakhala losokoneza bwanji, sangachokepo. Kuchuluka kwa anthu kumangotiuza kuti kulowa n'kosavuta. Sikutiuza ngati mayi amene waika chithunzi cha mwana wake akudziwa amene akuchiona, kapena ngati mnyamata amene waberedwa foni angaipezenso akaunti yake.

Pali akatswiri amene ntchito yawo ndi kuyesa zinthu zimenezi, ndipo ali ndi poyambira. Mu 1998 bungwe la ISO, loona za miyezo pa dziko lonse, linatulutsa chikalata chotchedwa ISO 9241-11. Chimati poyesa chipangizo kapena pulogalamu tifunse zinthu zitatu: kodi munthu wakwanitsa chimene amafuna, zamudyera nthawi ndi mphamvu zochuluka bwanji, nanga mtima wake wakhutira? Koma mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zitatuzi ndi ina imene anthu amailumpha. Chikalatacho chimanenetsa kuti yankho limadalira kuti anthu ake ndi ati, akufuna kuchita chiyani, ndipo ali pa malo otani. Choncho palibe tsamba limene tinganene kuti ndi losavuta basi, n'kuima pomwepo. Facebook ya munthu wa ku California wokhala ndi foni yodula ndi intaneti yosatha, ndi Facebook ya mlimi wa ku Ntchisi amene wakwera pa chulu kusaka netiweki, ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale dzina ndi limodzi.

Njira yotchipa kwambiri yoyesera ndi yoti akatswiri angapo akhale pansi n'kulifufuza tsambalo mbali ndi mbali, ali ndi mfundo zoyendera. Jakob Nielsen ndi Rolf Molich ndi amene anayambitsa njirayi mu 1990, ndipo mu 1994 Nielsen anatulutsa mfundo khumi zimene zikugwirabe ntchito mpaka lero. Zina mwa izo ndi zoti munthu akalakwitsa azitha kubwerera m'mbuyo, zoti pulogalamu izilankhula chilankhulo cha munthu osati cha mainjiniya, ndi zoti munthu asamakakamizike kusunga zinthu zambiri m'mutu. Yoyamba pa zonse imati pulogalamu izimuonetsa munthu chimene chikuchitika. Timizere ta pa WhatsApp ndi chitsanzo chabwino kwambiri. Kamodzi ndiye kuti uthenga wachoka, tiwiri wafika, tikasanduka ta buluu ndiye kuti wawerengedwa. Ngakhale munthu amene sanapite patali ndi sukulu amazimva zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Komabe pamene timizere ta buluu tinabwera mu November 2014, anthu ambiri anadandaula, ndipo pasanapite nthawi kampaniyo inaika njira yoti munthu atizimitse. Chinavuta n'chiyani pa chinthu chomveka bwino chonchi? Chimene chinapeputsa wotumiza chinasanduka katundu kwa wolandira. Tsopano apongozi akudziwa kuti mwawerenga koma simunayankhe, wangongole naye akudziwa. Zofanana ndi zimenezi zinachitika mu September 2006 pamene Facebook inayambitsa News Feed. Zimene anthu ankachita pa tsambalo zinali zooneka kale kwa anzawo, koma tsopano zinasonkhanitsidwa pa malo amodzi n'kuikidwa pamaso pa aliyense. Ophunzira zikwizikwi anakwiya, ndipo mkulu wa Facebook, Mark Zuckerberg, anapepesa n'kuwonjezera njira zobisira zinthu zina. Mfundo za Nielsen zinalembedwa poganizira munthu mmodzi ndi makina ake. Pa tsamba la mchezo, kuseri kwa batani lililonse kuli munthu wina, ndipo woyesa amene waiwala munthu wachiwiriyu wangogwira theka la ntchito.

Akatswiri amaona zambiri, koma vuto lawo ndi loti amadziwa kale zinthu. N'chifukwa chake njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yokhala pambali pa munthu wamba n'kumuonerera. Tiyerekeze kuti takhala pa benchi ndi mayi ogulitsa kaunjika, foni yawo ili m'manja, galasi lake losweka pakona. Sitiwafunsa ngati amaikonda Facebook. Timawapatsa ntchito: "Mayi, ikani chithunzi ichi kuti achione anzanu okha, anthu ena asachione. Pamene mukuchita, muzilankhula zimene mukuganiza." Kenako timatseka pakamwa. Mayiwo asankha chithunzicho mwachangu, alemba mawu awiri, adina batani lotumizira, n'kutukula mutu: "Ndamaliza." Pansi pa dzina lawo pali kachizindikiro kakang'ono ka dziko lapansi, kosonyeza kuti aliyense angathe kuona. Sanakayang'ane n'komwe. M'kope mwathu tilemba kuti ntchito yalephereka, ngakhale eni ake akuona ngati yatheka. Kulephera kotereku ndiye koopsa kuposa kwina kulikonse, chifukwa munthu amene wakakamira penapake amafunsa mnzake, koma amene akuganiza kuti wakhoza amangopitirira.

Chovuta kwambiri kwa woyesa ndi kudziletsa kuthandiza. Mayiwo akasochera adzati, "Mwana wanga, tandithandiza, ine zimenezi sindizitha." Mtima umafuna kulanda foniyo n'kuwaonetsa. Koma yankho loyenera ndi lakuti, "Mayi, sitikuyesa inu ayi, tikuyesa pulogalamuyi. Mukanakhala nokha mukanadina pati?" Pamene chala chawo chazengereza, pamene abwerera m'mbuyo kawiri, pamene ausa moyo, m'pamene pali vuto.

Sipafunika chikhamu cha anthu. Mu 2000 Nielsen analemba kuti anthu asanu okha amavumbula mavuto pafupifupi 85 pa 100 aliwonse, chifukwa wachisanu ndi chimodzi amangopunthwa pomwe anzake apunthwa kale. Anthu amakonda kutchula nambala imeneyi n'kuiwala chenjezo limene mwini wake anaikapo, loti asanuwo akhale a mtundu umodzi. Ophunzira asanu a ku yunivesite sangakuuzeni chimene chimavuta agogo a maso ofooka. Gulu lililonse limafuna asanu ake.

Palinso mafunso olemba pa pepala. Odziwika kwambiri ndi a System Usability Scale, amene John Brooke anakonza mu 1986. Ndi ziganizo khumi, munthu amasankha pakati pa 1 ndi 5 kusonyeza mmene akugwirizanira nazo, ndipo pomaliza pamatuluka malikisi a pakati pa 0 ndi 100. Mapulogalamu ambiri amagwera cha pa 68. Ndi chida chothandiza poyerekeza masamba awiri, koma kwathu kuno ndingachigwiritse ntchito mochenjera. Tinaleredwa kuti mlendo akakufunsa za chinthu chimene wabweretsa, umati zili bwino. Ndiponso munthu akalephera pa foni, kawirikawiri amadziimba mlandu yekha, amati ndi umbuli wake. Munthu yemweyo amene wavutika mphindi khumi angathe kupereka malikisi apamwamba. Zimene manja ake anachita ndi umboni woposa zimene pakamwa pake panena.

Makampani eni ake amayesanso, ndipo amayesa kuposa wina aliyense. Amagawa anthu m'magulu awiri, gulu lina n'kulionetsa batani la mtundu uwu, lina la mtundu uwo, n'kuona kumene anthu adina kwambiri. Amachita zimenezi tsiku ndi tsiku pa anthu mamiliyoni amene sakudziwa kuti akuyesedwa. Dziko linazindikira kukula kwa nkhaniyi mu 2014, pamene zinaululika kuti kwa sabata imodzi mu January 2012 Facebook inasintha zimene anthu 689,003 ankaona, ena kuwachepetsera nkhani zosangalatsa, ena zomvetsa chisoni, pofuna kuona ngati zolemba zawo zisinthe. Palibe amene anapemphedwa chilolezo chapadera.

Nkhani yagona pa chimene akuyesacho. Pa tsamba la banki, munthu akamaliza msanga ndiye kuti tsambalo ndi labwino. Pa tsamba la mchezo ndalama zimachokera kwa otsatsa malonda, choncho kampani imapindula munthu akakhalitsa. Taganizirani tsamba losatha lija, limene ukamakankha chala zinthu zimangobwerabe. Aza Raskin, amene amadziwika kuti analiyambitsa mu 2006, anadzanena poyera kuti akumva chisoni ndi mmene lagwiritsidwira ntchito. Tikaliyesa ndi muyeso wa kuphweka kokha, palibe cholakwika: sudina kanthu, sudikira kanthu. Koma ngati cholinga cha munthu chinali kuona uthenga wa mlongo wake n'kubwerera ku ntchito, ndipo watuluka patatha ola, tsambalo lamulepheretsa cholinga chake. Lakwaniritsa cha mwini tsamba. Ndiye tisanayambe kuwerenga masekondi, tiyenera kufunsa kuti cholinga chimene tikuyesa ndi cha yani.

Funso limeneli limaonekera bwino pa nkhani ya zinsinsi. Mu May 2010 nyuzipepala ya New York Times inawerenga kuti munthu wofuna kusamala zinsinsi zake pa Facebook ankayenera kudutsa pa malo 50 okhala ndi zosankha zoposa 170, ndipo chikalata chofotokoza za zinsinsi chinali ndi mawu 5,830. Chaka chotsatira ofufuza a ku Northeastern University ndi anzawo a ku Max Planck Institute anafunsa anthu 200 kuti anene amene amafuna kuti aone zinthu zimene anaika, kenako anayerekeza ndi mmene zinthuzo zinaikidwiradi. Zinagwirizana pa 37 yokha pa 100 iliyonse, ndipo pamene sizinagwirizane, pafupifupi nthawi zonse zinthuzo zinkaoneka kwa anthu ambiri kuposa mmene eni ake amafunira. Tsambali lasintha kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, koma kafufuzidwe kameneka n'kofunikabe kutengera. Osamufunsa munthu ngati akumvetsa. Mufunseni chimene akuganiza kuti chachitika, kenako kaoneni chimene chachitikadi.

Zina mwa zovutazi si zangozi. Mu 2010 katswiri wa ku Britain, Harry Brignull, anayamba kusonkhanitsa zitsanzo za mapangidwe ochenjerera anthu, amene anawatcha dark patterns. Mu June 2018 bungwe loteteza ogula la ku Norway linafufuza Facebook, Google ndi Windows 10, n'kupeza kuti kuvomera kupereka zinsinsi kunali kwa batani limodzi looneka bwino, pamene kukana kunkafuna kudina kangapo m'malo obisika. Pa nkhani yozindikira nkhope, Facebook inkachenjeza munthu kuti akakana ndiye kuti sidzatha kugwiritsa ntchito njirayi pomuteteza kwa anthu onamizira kuti ndi iye, koma sinkafotokoza mofananamo kuipa kwa kuvomera. Masamba oterewa amangidwa ngati mono wa nsomba, polowera pofewa, potulukira posaoneka. Mayiko a European Union anafika poletsa mapangidwe onyenga ngati amenewa m'lamulo lawo la Digital Services Act la 2022. Woyesa wanzeru amawerenga kuti kutsegula akaunti kumafuna kudina kangati, kenako amawerenga kuti kuifafaniza kumafuna kangati, n'kuika nambala ziwirizo pamodzi. Apa ndiyenera kuchita chilungamo: masiku 30 amene Facebook imadikira isanafafaniziretu akaunti amathandiza munthu amene anachita zimenezi ali wokwiya, kapena amene akaunti yake inagwa m'manja mwa wakuba. Si chopinga chilichonse chimene chili msampha.

Tsopano za malo. Mu June 2015 Facebook inatulutsa Facebook Lite, pulogalamu imene poyamba inali yosakwana 1 MB, yopangidwira mafoni ofooka ndi netiweki ya 2G. Chaka chomwecho kampaniyo inayamba kulimbikitsa antchito ake kuti Lachiwiri lililonse azigwiritsa ntchito intaneti yochedwa ngati ya 2G kwa ola limodzi, kuti amve zimene anthu ambiri pa dziko amamva. Ganizo limeneli ndimaliyamikira, chifukwa linavomereza kuti munthu sungaweruze tsamba uli mu ofesi ya intaneti yothamanga. Nielsen analembanso kuti kudikira kukapitirira sekondi imodzi maganizo a munthu amayamba kuduka, kukapitirira masekondi khumi amayamba kuganiza zina. Kwa ambiri a ife masekondi khumi ndi tsiku labwino.

Koma ola limodzi la intaneti yochedwa silingaphunzitse zonse. Injiniya uja sakugula bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Kwathu kuno, pa muyeso wa nthawi ndi mphamvu tiyenera kuwonjezera muyeso wa ndalama: ntchito iyi yadya ma MB angati? Vidiyo imene imayamba yokha kusewera munthu asanaipemphe imaoneka ngati kupeputsa zinthu, koma kwa mwini bandulo yatsiku ndi ndalama zotayika. Ndipo batani lozimitsira zimenezi lili kuti, angalipeze yekha? Palinso mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha. Munthu waona mutu wa nkhani yoopsa, akufuna kutsimikiza, wadina, koma nkhaniyo ili pa tsamba lina limene bandulo yake siifikako. Amatsala ndi mutu wokhawo, ndipo ndi umene amatumizira anzake. Vuto lomweli linatchulidwa kwambiri pa Internet.org, ntchito ya Facebook yopereka masamba ochepa kwaulere, imene pulogalamu yake inayambira ku Zambia mu July 2014 pa netiweki ya Airtel n'kudzatchedwa Free Basics.

Foni yake nayo ndi nkhani. Kuyesa kuchitikire pa itel kapena Tecno imene munthuyo amayenda nayo, yodzaza zithunzi mpaka malo atha, batire ili pa 12, panja dzuwa likuswa mtengo. Malangizo a WCAG, othandiza kuti masamba a pa intaneti azigwiritsidwa ntchito ndi aliyense, amafuna kuti kusiyana kwa kuwala kwa zilembo ndi pamene zalembedwapo kukhale kosachepera 4.5 kwa 1, ndipo tizilembo totuwa timene timaoneka bwino m'nyumba timasowa pa msika masana. Makomo ambiri foni ndi imodzi, bambo, mayi ndi ana amabwerekana. Uthenga ukatulukira pa galasi foni ili pa tebulo, wauwerenga ndani? Ndipo ndi angati amene akaunti yawo anawatsegulira mdzukulu, kapena mnyamata wa pa shopu yoikira nyimbo, amene anasankha yekha pasiwedi n'kulembapo imelo imene mwini akaunti sanaionepo? Tsiku limene foni yabedwa pamodzi ndi simukhadi yake, tsamba limati latumiza nambala yotsimikizira ku nambala yomwe yapitayo. Ntchito yobwezeretsa akaunti ndingaiike pamwamba pa mndandanda wa zoyesa, chifukwa kwa wogulitsa malonda pa intaneti, akaunti ikapita makasitomala apita nayo.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri pa masamba amenewa. Ntchito zimene zimakondweretsa kampani zili ndi tizithunzi: kamera, mtima, chala chachikulu, maikolofoni. Mauthenga a mawu, amene WhatsApp inayambitsa mu 2013, anatsegula khomo kwa anthu ovutika kulemba, ungogwira batani n'kulankhula. Mu April 2016 Facebook inayambanso kufotokoza yokha zimene zili pa zithunzi kuti anthu osaona azimva kudzera pa pulogalamu yowawerengera. Zonsezi ndi zabwino ndithu. Koma ntchito zodzitetezera, monga kubisa nambala, kuchotsa dzina lako pa chithunzi chimene wina waika, kudandaula za munthu wokuzunza, zimakhala m'ndime zazitali za mawu, ndipo kwa ambiri a ife mawuwo ali m'Chingerezi. Munthu amafika pamenepo mtima uli m'mwamba, manja akunjenjemera, mwina chithunzi chake chamseri chikuzungulira m'magulu. Imeneyo si nthawi yoti awerenge ndime zitatu n'kusankha pakati pa zifukwa khumi zofanana.

Kudandaulako kuyesedwe mpaka kumapeto. Kupeza batani ndi chiyambi chabe. Kodi yankho labwera, patatha nthawi yaitali bwanji, ndipo amene anaweruza anamva chilankhulo chimene chipongwecho chinalembedwa? Ku Myanmar funso limeneli linakhudza miyoyo ya anthu. Bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linapeza kuti kumayambiriro kwa 2015 anthu olankhula Chibama amene ankaunika madandaulo a pa Facebook anali awiri okha, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kuti sinachite zokwanira poletsa kuti tsamba lake ligwiritsidwe ntchito kukolezera ziwawa. Amene akuyesa tsamba m'malo mwa olankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao ayenera kuyesa ndi mawu a zilankhulo zimenezo, kuphatikizapo mawu okuluwika amene makina omasulira sangawagwire msanga.

Nthawi zina kuphweka kwenikweniko ndiko kumavulaza. Kutumiza uthenga wa wina ku magulu ambiri kunali kosavuta kwambiri pa WhatsApp, mpaka mu 2018 mphekesera zonena za anthu oba ana zinachititsa kuti anthu osalakwa aphedwe ndi magulu a anthu olusa ku India. Kampaniyo inaika chizindikiro chosonyeza kuti uthenga wachokera kwina, n'kuchepetsa malo otumizirako kufika pa asanu, poyamba ku India, kenako pa dziko lonse mu January 2019. Mu April 2020, mabodza a Covid-19 atachuluka, uthenga umene wazungulira kwambiri unayamba kuloledwa kupita ku malo amodzi okha pa nthawi imodzi. Tikayesa ndi wotchi, pulogalamuyo inavutirapo. Ife amene tikukumbukira mphekesera za anamapopa za 2017 ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, pamene anthu anaphedwa chifukwa cha mawu ongomva, sitingachedwe kuvomereza kuti kuchedwetsa chala kotereku n'koyenera.

Sukulu, mpingo, chipatala kapena wailesi imene ikusankha tsamba loti izifikirapo anthu ake ingathe kuchita kuyesa kotereku popanda ndalama zambiri. Pamafunika anthu asanu a gulu lililonse limene mukufuna kulifikira, mafoni awo omwe, kope, wotchi, ndi kuona ma MB asanayambe ndi atamaliza. Ntchito zowapatsa zisakhale zokoma zokha. Pambali pa kuika chithunzi ndi kupeza chilengezo, pakhale kuletsa munthu wovutitsa, kutuluka m'gulu, kuzimitsa mavidiyo odziyambira okha, ndi kulowanso mu akaunti pa foni ina. Pa ntchito zimene zingaononge kanthu, monga kufafaniza kapena kudandaula, tsegulani akaunti yongoyeserera. Ndipo popeza m'foni ya munthu muli mauthenga a anthu ena amene sanavomere nawo, musajambule galasi lake, ndipo muuzeni asanayambe kuti angathe kusiya nthawi ina iliyonse imene wafuna.